Nkhope za Makolo a Felim O'Morna

Ine ndi Felim O'Morna tinayamwa bere limodzi. Atangobadwa, bambo ake anamupereka kwa mayi anga, a Nuala, kuti amulere, monga amachitira ndi ana a mafumu kwathu kuno, ndipo anakhala m'nyumba mwathu zaka khumi ndi zinayi. Phala tinkadyera m'mbale imodzi, nsabwe tinkagawana. N'chifukwa chake ngakhale atakhala Baroni wachitatu wa ku Dunmorna, anthu onse akumuvulira zipewa, ine ndekha ndinkatha kumuuza kuti ndevu zake zatsalira msuzi. Pagulu ndinkati "bwana". Tikatsala awiri ndinkati "iwe". Dzina langa ndine Dualta. Ntchito yanga inali yoyang'anira mahatchi ake, ndiponso yomuletsa kuchita zopusa, ngakhale yachiwiriyi sindinganene kuti ndinaigwira bwino.

Zaubaronizi anaziyamba ndi agogo ake, a Cathal Wofiira. Iwo anali mfumu yachikale, yoyenda chosavala nsapato, tsitsi litagwera m'maso, ndipo ng'ombe za anansi sizinkadya udzu mwamtendere iwo akakhala pafupi. Ali ndi zaka makumi anayi anapita ku Dublin, n'kukagwada pamaso pa nduna ya mfumu ya ku England, n'kupereka dziko lawo lonse. Tsiku lomwelo ndunayo inawabwezera dziko lomwelo, n'kuwonjezerapo chikalata chachidindo chowapatsa dzina laulemu la Baroni, ndi thalauza. Chikalatacho anachisunga bwino m'bokosi. Thalauzayo anaivala mpaka pa mlatho wotulukira mumzinda, ndipo akuti anaisiya itapachikika pa mtengo waminga.

Mwana wawo, a Brian, bambo ake a Felim, anali munthu wofatsa wokonda mabuku ndi njuchi. Anamwalira ndi chifuwa Felim ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, nkhondo yaikulu ija ya mafumu akumpoto ndi Angerezi ili mkati. Felim anaimenya nkhondoyo mwa njira yakeyake. Akumpoto akabwera ankawapatsa ng'ombe, Angerezi akabwera ankawapatsa batala, ndipo onse ankachoka akukhulupirira kuti O'Morna ndi wawo. Nkhondo itatha, mafumu olimba mtima anali atathawira kutsidya kwa nyanja, ena atapachikidwa, koma Felim anali phee pa mpando wake, atanenepako pang'ono. Iye ankati kumeneko ndiye kuchenjera. Mkazi wake, mayi Onora, ankati zinatheka chifukwa panalibe mbali yomwe inkamufuna kwenikweni.

Anabereka ana awiri, wamwamuna yemwe anamutumiza kusukulu ku Dublin, ndi wamkazi dzina lake Una. Nkhani ndikufuna kunenayi inayamba pamene Una anapeza banja. Mnyamata wake anali Piers, mwana wa Sir Redmond Tallon, mwini minda ya tirigu kufupi ndi Dublin, wa mabanja a Angerezi aja amene anabwera kuno kalekale koma amadzionabe ngati alendo olemekezeka. Tinapita kukawaona, ine ndi Felim, ndipo anatilandira bwino. Koma pobwerera Felim anayenda theka la tsiku osatsegula pakamwa, chinthu chomwe sichinachitikepo chibadwire.

"Wadwala?" ndinamufunsa.

"Waona, Dualta?"

"Ndaona. Mahatchi awo nthiti zili pamtunda."

"Ndani akunena za mahatchi? Pakhoma paja! Anthu asanu ndi awiri, onse makolo awo, ojambulidwa ndi utoto, akukuyang'ana uku ukudya. Nanga ife pakhoma pathu pali chiyani? Nyanga za gwape ndi mwaye."

"Tili ndi mlakatuli amene amatchula makolo ako makumi anayi osapumira, mpaka kukafika kwa Nowa."

"Mlakatuli ndimupachike pakhoma? Sir Redmond chiyankhulo chathu sachimva. Munthu wotere amamva ndi maso. Akubwera kwathu ikatha miyezi itatu, ndipo akadzapeza khoma lili mbee adzati mwana wake akukwatira kwa anthu ongophuka ngati bowa."

Ndinamuuza kuti Piers akufuna Una, sakufuna khoma. Anandiyankha kuti ndizisamala za mahatchi.

Ku doko la Galway kunali mmisiri wina wojambula, wochokera ku Flanders, dzina lake Joos. Anatsika m'sitima ya vinyo zaka zinayi m'mbuyomo kuti apume sabata imodzi, n'kukwatira mkazi wamasiye wogulitsa nsomba, basi osakweranso. Ankajambula zikwangwani za nyumba zomwera mowa ndi oyera mtima a m'matchalitchi. Felim anamuitanitsa, ndipo anafika pa bulu, mabokosi a utoto ali mbali zonse, iye mwini ali wamfupi, wadazi, woyankhula chiyankhulo chathu ngati akutafuna miyala.

"Ndikufuna zithunzi zinayi," anatero Felim. "Bambo anga, agogo anga aamuna, agogo anga aakazi, ndi abambo awo a agogo."

"Chabwino, bwana. Ali kuti?"

"Ali kumanda, nanga akhalenso kuti?"

Joos anakanda dazi lake. "Ndiye ine ndiyang'ane chiyani?"

"Ndikufotokozera ine. Yamba ndi agogo, a Cathal Wofiira. Maso ngati a chiwombankhanga. Chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi. Akalowa m'nyumba, agalu ankatuluka okha."

Felim anawaona agogo akewo kangapo konse, ali mwana, pa msinkhu umene munthu aliyense wamkulu amaoneka ngati phiri. Komabe Joos anagwira ntchito masabata awiri m'chipinda chapamwamba cha nsanja yathu, momwe mumalowa kuwala, ndipo atamaliza tonse tinakwera kukaona. Anakweranso azakhali ake a Felim, a Sive, mlongo wawo wa malemu a Brian. Gogoyu anali wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, sanakwatiwepo, ndipo lilime lake linali lakuthwa kuposa malupanga onse a m'nyumbamo. Anaima patsogolo pa chithunzicho atatsamira ndodo, n'kuchiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi bambo anu, azakhali."

"Bambo anga? Iii, ndiye mayi anga anandibisira zambiri. Uyu akufanana ndi Paulo Woyera wa m'tchalitchi cha ku Galway, kungoti wakhuta."

Joos anayang'ana pansi. Kenako tinadzamva kuti nkhope imeneyo ndi yomwe ankaijambula paliponse, kaya ndi ya mtumwi, kaya ndi ya mfumu ya pachikwangwani cha mowa.

"Mphuno ili kuti?" anapitiriza a Sive. "O'Morna wopanda mphuno ndi O'Morna wanji?"

Apa ankanena zoona. Mphuno ya banja limeneli ndi yaitali, yokhota pang'ono kumanzere ngati chikwakwa, ndipo nsidze zake zimakumana pakati. Felim anali nayo, Una mwamwayi anatengera mayi ake.

"Ndiye ndichite bwanji, azakhali?" anafunsa Felim. "Ndikawafukule?"

"Kufukula chiyani? Ngati ukufuna nkhope ya bambo anga, ili kuphiri uko ikuweta ng'ombe zako."

Mayi Onora anayamba kuyang'ana kunja pa zenera ngati kwagwa chinthu. Ine ndinapeza kuti nsapato zanga n'zosangalatsa kuziona.

Amene ankanenedwayo anali a Manus, mkulu wa abusa a Felim. A Cathal Wofiira asanapite ku Dublin kuja anali ndi mkazi amene anamutenga mwa mwambo wathu, mwana wa munthu wowolotsa anthu pa bwato, ndipo anabereka naye mwana wamwamuna. Koma ubaroni unabwera ndi lamulo lake, loti wolowa m'malo akhale wobadwa mu ukwati wa m'tchalitchi. Choncho a Cathal anabweza mkazi uja kwawo, n'kukwatira wina wa banja lodziwika, amene anabereka a Brian ndi a Sive. Mwana woyamba uja, a Manus, anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anakulira pa bwato, kenako anamupatsa ng'ombe zoti aziweta, ndipo anaziweta moyo wake wonse. Chigwa chonse chinkadziwa zimenezi, ndipo chigwa chonse sichinkazitchula. Felim naye ankazidziwa, ngati mmene munthu amadziwira za kamwala kamene kali mu nsapato yake ali pagulu.

Anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi anandipeza m'khola la mahatchi.

"Pita kuphiri ukawauze a Manus atsike."

Ndinapita. Inali nyengo yotentha, yomwe ng'ombe zimakhala kumsipu wa pamwamba, abusa akugona m'tizisakasa ta miyala. Ndinawapeza a Manus atakhala pa thanthwe, atafunda chofunda chawo chaubweya, opanda nsapato, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri koma msana uli chilili. Ndinawafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akutafuna kaudzu.

"Iwe mwana wa Nuala," anatero, "bwana akafuna ng'ombe amatuma munthu, ndipo ndimapereka, chifukwa ng'ombe ndi zake. Koma nkhopeyi ndi yanga. Ndi chokhacho chimene bambo anga anandisiyira. Akaifuna abwere adzapemphe yekha."

Nditakamuuza Felim anatukwana oyera mtima angapo, n'kunena kuti baroni sakwera phiri kukapempha mbusa. M'mawa mwake tinakwera phiri. Anafika ali wefuwefu, n'kuima pamaso pa nkhalambayo, mphuno ziwiri zofanana zitayang'anizana, ndipo anayamba kufunsa za ng'ombe. Anafunsa za msipu, za mkaka, za mimbulu, za ng'ombe ina yamawanga yomwe inathyoka mwendo chaka chatha. A Manus ankayankha chilichonse modekha, osamuthandiza ngakhale pang'ono.

"Pali kanthu kena," anatero Felim pomaliza, akuyang'ana mitambo. "Akuti mumafanana ndi... akuti mwina mungatithandize pa chithunzi cha agogo."

"Akutero ndani?"

"Azakhali."

"Sive akadali ndi pakamwa paja?" A Manus anamwetulira pang'ono. "Chabwino, bwana. Ndizibwera tikatha kukama. Koma dzuwa likafika pamutu ndizibwerera."

Umu ndi mmene a Manus analowera koyamba m'nyumba ya bambo awo kudzera pa khomo lalikulu. Joos atawaona anawazungulira kawiri, n'kuwomba m'manja ngati wapatsidwa mphatso. Tinawaveka chovala chachitsulo cha pachifuwa chomwe tinachipeza m'chipinda chosungiramo katundu nkhuku zitaikiramo mazira. Felim analamula kuti awavekenso kolala yoyera yamakwinya, yaikulu ngati lichero, yonga ya makolo a Sir Redmond.

"Bambo anga sanavalepo chimenechi," anatero a Sive. "Akanachiona akanaikamo tchizi."

"Azakhali, chonde."

"Ndangonena."

Nsapato zinakanika. Mapazi a a Manus anali atayenda pa miyala zaka zonsezo ndipo anali atatambasuka ngati mikate. Joos anati palibe vuto, ajambula kulekeza m'chiuno. Choncho masabata atatu nkhalambayo inkaima pa zenera, kumtunda ili baroni, kumunsi ili mbusa, dzanja lili pa lupanga, ikufunsa aliyense wolowa ngati kuphiri kwagwa mvula. A Sive ankabwera tsiku lililonse kudzakhala pampando, akuti kudzayang'anira ntchito. Poyamba ankangolongolola za kolala ija. Kenako ndinayamba kuwamva awiriwo akukambirana za bambo awo motsitsa mawu, wina akukumbutsa mnzake zimene anaiwala. Tsiku lina ndinalowa n'kupeza a Sive akupukuta m'maso. Anati ndi fungo la utoto.

Zithunzi zinazo sizinavute, kungoti zinamutsegula Felim maso kuposa mmene ankafunira. Pa chithunzi cha agogo aakazi anakhala a Sive eni ake, n'kumuuza Joos kuti mayi awo analibe makwinya ndipo asayerekeze kuwaika. Pa cha abambo awo a a Cathal panafunika munthu wina wamphuno ija, ndipo mayi Onora anati wosula zitsulo wa kumudzi ali nayo. Wophika anati wa pachigayo ali nayo yabwino kuposa pamenepo. Wina anatchula mkazi wa msodzi, winanso anatchula wansembe wa parishi yoyandikana nayo.

"Kodi chigwa chonsechi?" anafuula Felim.

"Agogo anu anali munthu woyendayenda, bambo a Una," anatero mayi Onora osasiya kusoka. "Musadandaule. Mukadzafuna kujambulitsa makolo onse makumi anayi aja, anthu alipo okwanira."

Zithunzi zinapachikidwa m'chipinda chodyera kutatsala masiku anayi kuti alendo afike. Ndinene zoona, cha a Cathal chinali chochititsa mantha. Joos anali atajambula zimene anaona, ndipo pansi pa kolala yopusa ija panali nkhope ya munthu amene waona nyengo zozizira zambiri ndipo palibe yomwe inamugonjetsa. Felim anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikokera pambali.

"Alendo akakhala pano, a Manus asatsike kuphiri. Wosula zitsulo naye ali pakhomapo, apite akaone abale ake kwinakwake."

"Abale ake ndi iwe."

"Dualta!"

"Ndamva, bwana."

Sir Redmond anafika ndi mkazi wake, ndi Piers, ndi antchito asanu ndi mmodzi. Anali munthu wamtali, wowonda, woyankhula pang'onopang'ono ngati mawu aliwonse amayamba wawayeza pa sikelo. Piers atangoona Una sanaonenso china chilichonse, khoma kaya denga. Koma bambo ake anaima pamaso pa zithunzi zija manja ali kumbuyo, ndipo Felim anali pambali pake akufufuma ngati mtanda wa buledi.

"Awa ndiwo Baroni woyamba?" anafunsa Sir Redmond m'Chingerezi. "Zoonadi, magazi sanama. Nkhope yotere simungaipeze pakati pa anthu wamba."

A Sive anatsokomola kwambiri mpaka anawapatsa madzi.

Zonse zikanatha bwino Sir Redmond akanakhala munthu wokhulupirira mawu a mnzake. Koma mwa mwambo wathu Una ankapita ku banja lake ndi ng'ombe, ndipo m'mawa mwake mkuluyo anati akufuna akazione ndi maso ake. Felim anati kuphiri n'kutali. Sir Redmond anati amakonda kukwera hatchi. Felim anati njira yake ndi yamatope. Sir Redmond anati matope ndi omwe amameretsa msipu wabwino. Felim anandiyang'ana kuti ndimupulumutse, ine ndinapita kukamanga zishalo.

Tinafika kumsipu dzuwa litakwera. Ndinali ndi chiyembekezo choti a Manus akhala ali kutsidya kwa phiri, koma anali pomwepo pa njira, atagwada pambali pa ng'ombe yofiira yomwe inali pafupi kubereka. Atamva mahatchi anaimirira n'kutembenuka. Kuwala kunawagwera kumaso chimodzimodzi ngati pa zenera paja.

Sir Redmond anaimitsa hatchi yake. Anayang'ana nkhalambayo, n'kuyang'ana Felim, n'kuyang'ananso nkhalambayo.

"Munthu uyu ndinamuonapo kuti?" anafunsa. "Mufunseni kuti ndi ndani."

Ine ndi amene ndinamasulira funsolo. A Manus anamuyang'ana Felim kamphindi, n'kuona mmene thukuta linkatsikira m'kolala mwake. Kenako anavula chipewa, n'kuwerama, mwina kuposa mmene anaweramirapo moyo wawo wonse.

"Auze kuti ndine mbusa wa bwana, basi," anatero. "Mphuno zotere kuno n'zosasowa. Zimabwera ndi mphepo ya kuphiri."

Ndinamasulira. Sir Redmond anagwedeza mutu, wosakhutira kwenikweni koma waulemu, ndipo anapita kukaona ng'ombe. Anaziyang'ana mano, anazigwira m'nthiti, anati n'zabwino. Tinatembenuza mahatchi n'kuyamba kutsika.

Felim anali kutsogolo. Ndinkaona khosi lake kumbuyo litafiira ngati nyama yaiwisi. Ndinamudziwa munthuyu kuyambira tili osavala, ndipo ndinali nditamuonapo akunamiza akazembe a nkhondo a mbali ziwiri tsiku limodzi n'kukadya bwinobwino. Koma apa chinachake chinamukanika kumeza. Titayenda pang'ono anaimitsa hatchi mwadzidzidzi, moti ya Sir Redmond inatsala pang'ono kuigunda.

"Watani?" ndinamunong'oneza.

"Andiweramira, Dualta. Waona mmene andiweramira?"

Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kukweranso, ife tikumutsatira. Atafika anatsika pa hatchi osayang'ana pomwe akuponda, n'kumira m'matope mpaka m'mawondo, masokosi ake a silika a ku Dublin n'kuthera pomwepo. Anadzizula, n'kukoka hatchi mpaka pomwe panali a Manus, n'kuwagwirira chopondera phazi pokwera.

"Bambo aakulu," anatero, "kwerani. Tikadye kunyumba."

A Manus anamuyang'ana ngati wayankhula Chilatini. "Wati chiyani?"

"Ndati bambo aakulu. Kwerani."

Nkhalambayo inayang'ana hatchiyo. Kenako inaloza ng'ombe yofiira ija.

"Ndikwere ndipite kuti, iyi ili chonchi? Mwana wa Brian, nzeru zako zili ngati za bambo ako. Gwira mchira uwo."

Ndipo Baroni wachitatu wa ku Dunmorna anagwira mchira wa ng'ombe, pamaso pa Sir Redmond Tallon, mpaka thole linabadwa. Pamene a Manus ankalipukuta ndi udzu, Felim anapita kwa mlendo wake, manja ali magazi okhaokha, n'kumuuza zonse m'Chingerezi chake chopunduka: za mkazi woyamba, za bwato, za chithunzi, ngakhale za wosula zitsulo. Sir Redmond anamvetsera nkhope ili gwa. Ine ndinati basi, ukwati wapita.

"Ndiye kuti mkuluyu ndi mwana woyamba wa Baroni woyamba," anatero pomaliza.

"Inde."

"Ali ndi ana aamuna?"

Ndinawafunsa a Manus, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Aakazi asanu," anatero. "Onse anakwatiwa, onse ndi olongolola."

Sir Redmond anapuma mpweya wautali, mapewa ake n'kutsika. Nkhawa yake yonse inali yoti tsiku lina kudzatuluka mdzukulu wa mbusa n'kukasuma ku Dublin kuti dzikolo ndi lake. Za magazi osanama zija sanazitchulenso. Anavula chipewa chake kwa a Manus, pang'ono chabe, n'kunena kuti thole lija likuoneka lamphamvu, ndipo ngati n'kotheka lipite nawo limodzi ndi ng'ombe za Una.

Masana amenewo a Manus anadya pa tebulo lalikulu, atakhala pakati pa a Sive ndi mayi Onora, pansi penipeni pa chithunzi chawo. Anakana mpeni wa siliva n'kutulutsa wawo. Vinyo anati ndi wowawasa, n'kupempha chambiko. Una anadzuka pamalo pake n'kukawapatsa yekha, akuti, "Landirani, agogo," ndipo nkhalambayo inamugwira dzanja kanthawi. Mkazi wa Sir Redmond ankangoyang'ana mmwamba ndi pansi, pachithunzi ndi pa munthu, nyama ili pa foloko osafika pakamwa.

"Mukuchiona bwanji chithunzicho, achimwene?" anafunsa a Sive mokweza, kuti aliyense amve liwu lomalizalo.

A Manus anapotoloza khosi n'kuchiyang'ana. "Akuoneka ngati munthu amene wamezera fupa la nsomba pa ukwati wa eni ake," anatero. "Koma mphuno anaikhoza."

Ukwati unachitika nthawi yokolola. Felim analamula mlakatuli kuti powerenga makolo aziika dzina la a Manus pamalo pake, patsogolo pa la a Brian. Mlakatuliyo anadandaula kuti zikuwononga kayendedwe ka ndakatulo, koma atapatsidwa chofunda chatsopano anapeza kuti zikutheka. Felim anawamangiranso a Manus nyumba pafupi ndi nsanja, ya chumuni ndi bedi. Anagonamo masiku awiri n'kubwerera kuphiri, akuti bedilo likuwapweteketsa msana.

Choncho Felim ndi amene anayamba kukwera phiri, kamodzi pa sabata, akuti kukaona ng'ombe. Ankakhala pa thanthwe lija n'kumafunsa za agogo ake, ndipo ankabwerako atakhumudwa pafupifupi ulendo uliwonse. Anamva kuti a Cathal Wofiira anali aafupi kuposa iye. Anamva kuti ankaopa atsekwe. Anamva kuti nkhondo yotchuka ya pa Mlatho wa Miyala, yomwe mlakatuli amaiimba mavesi makumi atatu, inali ndewu ya anthu khumi ndi mmodzi yolimbirana nkhumba. Koma anamvanso kuti chaka chilichonse, chisanu chikamayamba, a Cathal ankapita okha ku bwato kuja atanyamula chofunda chatsopano cha mwana, n'kuchisiya pakhomo osagogoda. Tsiku limene anamva zimenezi Felim anatsika phiri lonse akufwenthera, n'kundiuza kuti wagwidwa ndi chimfine.

A Manus anakhala zaka zina zitatu. Atamwalira, Felim anawaika m'manda a banja, pambali pa bambo awo, ndipo ananyamula nawo bokosi ngakhale msana wake unali utayamba kale kuvuta. Ana awo aakazi asanu aja anabwera onse ndi amuna awo ndi ana awo, ndipo kuyambira pamenepo sanasiyenso kubwera. Mayi Onora ankati m'nyumbamo simunakhalenso batala wokwanira, koma iwo omwe ndi amene ankawatumira uthenga pakapita mwezi osawaona.

Felim anafika zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Anaona zidzukulu zisanu ndi zitatu, ndipo anakangana ndi Sir Redmond pa dzina la aliyense wa iwo. Anamwalira tsiku lina masana titangotha kudya, ali pa mpando wake, tili mkati mokangana za hatchi ina yomwe anagula ku msika wa ku Galway ine kulibe. Iye ankati ili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinatembenuka kuti ndithire mowa m'chikho, ndikumufotokozera mmene anamupusitsira, ndipo ndinadabwa kuti sakundidula mawu. Hatchiyo inali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali nditaiyang'ana mano.